Woluka Majuzi Kumzinda Wotentha

Alamu anga, akazi a achimwene, anthu ankangowatchula ndi ntchito yawo. Ukafika mumsewu wathu n'kufunsa kwa a Majuzi, ngakhale mwana wa mamina ankakulozera nyumba yoyang'anana ndi mpopi, ya chitseko chobiriwira, momwe munkamveka khwee, khwee wa makina olukira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Makinawo ankakhala pawindo la pabalaza, pa tebulo limene achimwene anawakhomera ndi matabwa otsala kuntchito. Pansi pa tebulo panali dengu la wulu wamitundumitundu, ndipo mphaka wa pakhomopo ankagona mmenemo, kaya umukalipire chotani.

Mzinda wathu uli pamwamba, m'mapiri. Kuno nkhungu imangotsika osaodira. Umayanika zovala m'mawa, madzulo n'kukazianula zikadali zonyowa. Anthu ake timalowa m'nyumba msanga, kutseka chitseko, kuyandikira mbaula, kapu ya tiyi m'manja. Zocheza pamsewu sitizidziwa. Alamu anga anabadwira kuno, ndipo mtima wawo unali ngati mzindawu: sanali munthu wa mawu ambiri, ankakonda kukhala m'nyumba, manja ali pantchito, kunja mvula ikuwaza pamalata. Kumalo kotere woluka majuzi sagona ndi njala. Sukulu zikamayandikira kutsegulira, amayi ankabwera ndi ana awo kudzayezetsa, ena kudzaonjezetsa mikono ya juzi la chaka chatha poti mwana watalika. Ine ndikaweruka kusitolo kumene ndinkagulitsa nsapato, ndinkadutsira pamenepo. Ankandikoleka wulu m'manja, iwo n'kumakulunga, ine mlongo wa amuna awo ndikuwaseka kuti ndi akazi anga, asamandigwiritse ntchito ngati wantchito wawo. Ankangoyankha kuti mwamuna waulesi ngati ine akanamusiya kalekale.

Achimwene ankagwira ntchito kumacheka, kumapeto kwa mzinda kumene amacheka mitengo ya paini. Anali chimunthu chachikulu, chotuluka thukuta ngakhale ife tikunjenjemera. Nyengo yozizira ndiyo inali nyengo yawo. Loweruka ankagwira pagolo m'timu ya kuntchito, Lamlungu masana ankasewera drafuti ndi anzawo kuseri kwa shedi. Anthu awiriwa ankagwirizana, ndipo sindikunena izi chifukwa mmodzi ndi mlongo wanga. Ndinkawaona.

Mwana anachedwa kubwera. Atabwera anali wamkazi, wochepa thupi, wamaso akuluakulu. Asanayambe n'kuyenda komwe tinazindikira kuti akamapuma m'chifuwa mwake mumalira kanthu, piyo, piyo, ndipo bambo ake anamutcha Mwanapiye. Tinkaliseka dzinalo. Tinasiya kuseka tsiku lina masana nkhungu itatsika mwadzidzidzi, mwana akusewera pakhomo. Anangokhala pansi, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo ikuda. Alamu anamuponya kumsana n'kuthamanga chitunda chonse cha kuchipatala opanda nsapato, ine ndikuwatsatira ndi bulangete. Kumeneko anatiuza kuti ndi mphumu.

Adokotala ake anali mayi wachikulire, wosathamanga polankhula. Anatchula zonse zimene zingamubanikitse mwana: chinyontho cha m'zipupa, utsi wa makala, ubweya wa mphaka, utuchi wa pa zovala za bambo ake, tiulusi touluka kuchokera ku wulu, ndi mphepo yozizira yeniyeniyo. Alamu anamvera zonse. Mphaka anabwera kwa ine. Makina anawasamutsira kukhitchini ya panja, kumene ankaluka zala zitachita dzanzi. Achimwene anayamba kusambira kuntchito n'kusiya ovolosi komweko. Mbaula inaleka kulowa m'nyumba, ndiye m'nyumbamo munazizira koposa kale. Chimene sakanatha kuchichotsa chinali mphepo. Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, mwana ankagona kuchipatala, ndipo anamwino anafika pomudziwa ndi dzina lake la masewera lija.

Nthawi ina alamu anapita ndi mwana ku ukwati wa msuweni wawo kumzinda wa kuchigwa, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kumeneko n'kotentha, kouma, kopanda phiri ndi limodzi lomwe. Masiku onse amene anakhalako mwana anathamanga ndi anzake pafumbi, kugwa, kudzuka, kukuwa, osatsokomola n'kamodzi komwe. Atabwerako anawafotokozera adokotala aja. Iwo anati sangalonjeze, koma anaonapo ana ena otere akupeza bwino kumalo otentha ndi ouma.

Nkhaniyi anaikambirana miyezi. Achimwene ankati kuchigwako kulibe macheka, kulibe n'mitengo yomwe, akachitako chiyani. Alamu ankati nanga iwo, juzi kumeneko angavale ndani. Aliyense ankadziwa kuti mnzake akunena zoona, n'chifukwa chake nkhaniyo sinkatha. Inatha yokha chaka chimene Mwanapiye anagonekedwa ndi chipaipi cha mpweya pamphuno, ndipo mwana wa pa bedi loyandikana, wamatenda omwewo, anamwalira alamu akuona. Anathandiza mayi wa mwanayo kupinda nsalu zake. Atatuluka kuchipatala anayamba kulongedza. Anagwirizana kuti iwo atsogole ndi mwana, achimwene adzatsatira akadzapeza ntchito ya ukalipentala kumeneko.

Ndinawaperekeza ine. Basi ikutsika, tinkavula chimodzichimodzi, juzi, mpango, masokosi, mpaka tinafika thukuta likuyenderera kumsana. Msuweni uja anali atawapezera chipinda m'nyumba zamdadada, zitseko zonse zoyang'ana pabwalo limodzi, pakati pali mtengo wa mango ndi mpopi. Chimene chinawadabwitsa alamu sichinali dzuwa lokha. Anthu a kumeneko amakhala panja. Kuphika panja, kusambitsa ana panja, kukangana ndi amuna awo panja, wailesi ili pamwamba. Chitseko sachitseka mpaka pogona, ndipo munthu amangolowa m'nyumba mwako akulankhula kale, kudzabwereka mchere kapena kudzangoona chimene uli nacho. Ntchito amagwira m'mamawa ndi madzulo. Masana mzinda wonse umagona pansi pa mithunzi ngati wafa. Alamu, mwa chizolowezi cha kwathu, ankatseka chitseko. Pabwalopo anayamba kunena kuti mayi wa kumapiriyo ndi wonyada, n'kuwapatsa dzina lina, a Chitseko.

Anayesa kuluka. Anaika makina pa mpando, koma wulu unkamata m'zala za thukuta, ndipo khwee woyamba atamveka, amayi a pabwalo onse anadzaunjikana pakhomo. Eni nyumba, mayi wonenepa wamawu ngati belu, ananyamula juzi limodzi ndi zala ziwiri.

"Juzi kuno, amake mwana? Mukufuna kutiphikira ana athu?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sanali kuseka mwankhanza, koma alamu analowa n'kutseka chitseko chija. Analukako tizipewa ndi timasokosi ta makanda n'kukaima nato pageti la chipatala, koma ogula anali apo ndi apo. Posakhalitsa makina analowa m'bokosi lake, bokosi linalowa pansi pa bedi.

Koma mwana anachira. Ndikapita kukawaona ndinkamupeza ali mumtengo wa mango, wakuda bii ndi dzuwa, masaya atatuluka. Kamankhwala kopopera m'kamwa kankatha miyezi kali pawindo, kakuchita fumbi. Alamu ankandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndiike khutu pamsana pa mwanayo, ndimve ndekha kuti mulibe kanthu. Nthawi zimenezo nkhope yawo inkawala, ndipo zina zonse sankazidandaula.

Ntchito yoyamba imene anapeza inali yochapa ndi kusita kunyumba ya alendo pafupi ndi depoti. Kusita mashiti masana pansi pa malata kunawaonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Achimwene ataona zimenezo anachita chinthu chimene ndimawakumbukira nacho mpaka lero. Anapeza firiji yakale, yaikulu yonga bokosi, n'kuitsitsa pa lole ya matabwa, iwo atakhala pamwamba kuigwirira njira yonse. Alamu anayamba kuumitsa madzi m'timatumba tapulasitiki. Ogulitsa zakumwa, a m'mabutchala, ngakhale odwazika matenda ankabwera kudzagula ayezi. M'mawa uliwonse ankapinda msana m'firijimo, kulekanitsa zibuma zomatana ndi manja awo, opanda chovala m'manja. Ankaseka kuti kamzinda kathu anakatsekera m'bokosi, akakafuna amangotsegula.

Achimwene ankabwera kumapeto kwa mwezi. Thupi lawo linkakana malowo moonekeratu. Ankatuluka tizilonda ta thukuta m'khosi ndi m'khwapa, mutu unkawapweteka, nthawi zina kamfuno ankangoyamba ali chikhalire. Chakudya sichinkalowa. Komabe anayesa, zimenezo ndiyenera kunena. Anatenga tchuthi chachitali n'kulowa ntchito kwa kalipentala wina wokhoma mabedi m'shedi ya malata. Tsiku lina masana anagwa, pulena ili m'manja, anzawo n'kuwathira madzi. Asanapeze bwino malungo anawagwira. Anakwera basi kubwerera kumtunda kuti akapume pang'ono, akabwerenso. Kumacheka anawalandira, timu inawabwezera pagolo, anzawo a drafuti anali pomwe paja. Maulendo a kumapeto kwa mwezi anayamba kudumpha, kenako ankabwera mwana akatsekera sukulu basi, kufika Loweruka, Lamlungu abwerera.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditasamukira tsidya lina la mzinda, ndikudwazika amayi athu. Mphekesera inandipeza kuti kunyumba ya chitseko chobiriwira kumaoneka mkazi. Ndinawafunsa achimwene maso ndi maso, anakana kwamtuwagalu, nati ndi wodzawachapira. Kenako amayi anamwalira, ndipo alamu anakwera kudzaika apongozi awo. Mwana anamusiya kwa eni nyumba aja chifukwa kumtunda kunali kozizira. Atatsika basi anaganiza zoyamba kaye kunyumba kwawo kuti asiye chikwama.

Anapeza mkazi akusesa pakhonde, wamng'ono kwa iwo, ali ndi pakati poonekera. Anali atavala juzi lotuwa, lalikulu, mikono atapinda. Alamu analidziwa asanafike n'pafupi pomwe. Linali la achimwene, analiluka okha chaka chimene anakwatiwa, ndi maluko opotana ngati chingwe kutsogolo, ndipo pachigongono cha kumanja anali atasokerera ndi wulu wosiyana pang'ono mtundu. Mkaziyo anawapatsa moni mwaulemu n'kufunsa ngati akufuna bambo a panyumbapo. Alamu anati ayi, asokera, n'kutembenuka ndi chikwama chawo.

Pamaliro anagwira ntchito yonse ya mpongozi. Anatunga madzi, anaphika, analandira alendo, osanena kanthu kwa aliyense. Titaika, anandikoka kuti ndikaime nawo kuseri kwa nyumba, n'kutumiza mwana wina kukaitana achimwene. Anabwera manja ali m'thumba, maso pansi. Alamu sanafunse kuti mkaziyo ndani. Anangofunsa ngati akubwerabe kuchigwa.

"Ndinayesa, amake mwana," anatero achimwene. "Munaona nokha. Dzuwa lija linandikana."

"Inenso linandikana," anatero alamu. "Koma mwana akupuma."

Achimwene analira, chimunthu chonse chija, mapewa akugwedezeka. Ananena zambiri, kuti nyumba inali zii, kuti sanafune kuti zifike pamenepa, kuti mwana sadzamusiya. Alamu anamvetsera mpaka anamaliza. Maso awo anali ouma. Mawa lake pa depoti, basi itayamba kulira, anandiuza pawindo kuti ndikamuuze mkazi uja asamalichape juzilo ndi madzi otentha, lichepa. Atatero anafunda mpango kumutu mpaka nkhope yonse, ndipo sanayang'anenso kunja.

Sanakwatiwenso, ngakhale mwini butchala wina anavutika nawo zaka. Ine sindinaleke kuwatcha alamu, iwonso sanaleke. Pang'ono ndi pang'ono chitseko chawo chinayamba kukhala chotsegula, poyamba chifukwa cha ogula ayezi, kenako chifukwa anatopa n'kudzuka kukatsegulira anthu. Dzina la a Chitseko linatsala, koma linasanduka lachikondi. Masana dzuwa likafika pamutu, mayi ndi mwana ankagona pasimenti, nsalu yonyowa pamimba, ndipo alamu ankamufotokozera za kumtunda. Ankamuuza za nkhungu imene imabisa nyumba ya mnzako woyandikana naye, za fungo la paini mvula ikagwa, za kukoma kwa bulangete m'mamawa, za misewu yachete imene munthu umamva mapazi ako. Ankangonena kuti masana adutse. Mwanapiye ankamvera maso ali kudenga, n'kumafunsa kuti afotokozenso.

Mphumu inamusiya akukula. Atafika ku sekondale bambo ake anapempha kuti azibwera patchuthi. Alamu anakana nthawi yaitali, kenako analola, koma nyengo yotentha yokha, ndipo azifikira kwa ine. Mtsikanayo anafika kwanga ngati wafika kumwamba. Ankagona mpaka dzuwa kukwera, atadzikulunga mabulangete onse a m'nyumba. Ankayenda mumzinda tsiku lonse osafuna mthunzi. Anadziwana ndi abale ake a mimba ina, anyamata awiri, n'kumawatenga kokayenda. Chifuwa chili zii. Chaka chotsatira anabwera nyengo yozizira yeniyeni, chifuwa chili ziibe.

Zaka zomwezo zala za alamu zinayamba kutupa m'mfundo. Poyamba ankati n'kutopa. Kenako zinayamba kupindika, ndipo maondo anatsatira. Kuchipatala anati ndi nyamakazi, n'kuwauza kuti ayeziwo sakuwathandiza. Anagula magolovesi a mphira, koma ntchito sanasiye, poti ndi imene inkaphunzitsa mwana.

Mwanapiye anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Malo anapezeka awiri, sukulu ina yoyenda pansi kuchokera pabwalo la mango lija, ina kuno kumtunda, yokhala ndi nyumba ya aphunzitsi. Anasankha ya kumtunda, ndipo anawauza amayi ake atavomera kale. Ndinaliko tsiku limenelo. Mtsikanayo anafotokoza mofatsa kuti watopa ndi thukuta, watopa n'kuphunzitsa ana akusinza ndi kutentha, watopa ndi bwalo limene ukayetsemula anthu onse amadziwa. Ankafuna nyumba yoti akatseka chitseko akhale yekha ndi mabuku ake. Alamu anafunsa za chifuwa, iye anati chinapola kale, amayi akudziwa. Anafunsa ngati ndi bambo ake amunyengerera, iye anapukusa mutu.

"Amayi, ndinu amene munandiphunzitsa kukonda kumeneko. Ine ndinakudziwira pakamwa panu."

Alamu anasisita zala zawo. Kenako anati n'zoona, n'kudzuka kukaona madzi m'firiji.

Mwanayo sanali woipa mtima. Atangokhazikika anayamba kuwaitana kuti abwere adzakhale limodzi, apume, ntchito ya ayezi yakwana. Anakonza chipinda, anagula bedi, anaika tebulo pawindo la pabalaza. Alamu anazengereza chaka chathunthu. Potsiriza anasiya firiji m'manja mwa mnzawo wa khomo loyandikana, anatulutsa bokosi la makina pansi pa bedi, n'kukwera basi.

Tsiku limene anafika nkhungu inatsika madzulo, ngati ikudziwa. Anatuluka panja n'kuima pakati pa bwalo la sukulu, nkhope atayang'anitsa kumwamba, timadontho tikuwagwera m'tsitsi la imvi. Ankaseka okha ngati kamtsikana. Anandiuza kuti ndinunkhize, ine n'kunena kuti ndanunkhiza moyo wanga wonse, akazi anga, tiyeni m'nyumba mungadwale. Sindinawaonepo osangalala chotero kuyambira tsiku limene anatsika.

Sabata isanathe zala zinakana kugwira kapu. M'mawa maondo ankauma gwa, moti Mwanapiye ankayamba wawadzutsa, kuwaveka, kuwamanga mabatani, kenako n'kuthamangira m'kalasi belu litalira kale. Misewu yathu ndi yokwera ndi yotsika yokhayokha, ndiye ngakhale kumsika sankatha kufika. Makina tinawatulutsa m'bokosi, tinapukuta dzimbiri, tinathira mafuta. Anakhala patebulo paja, anakoka kamodzi, kawiri, nkhope inakwinyika ndi ululu, n'kunena kuti tiwaphimbe. Ndiponso akanalukira ndani? Majuzi masiku ano anthu amatola pa kaunjika, sukulu zimagula opangidwa kufakitale. Mumsewu wathu wakale amene ankakumbukira a Majuzi anali okalamba owerengeka.

Chimene sanachiyembekezere chinali chete. Mwana akapita kuntchito ankatsala okha m'mabulangete, chitseko chotseka, ndipo tsiku lonse panalibe wogogoda. Aphunzitsi oyandikana nawo ankapereka moni waulemu pawindo n'kudutsa. Ine ndinkabwera ndikaweruka, koma n'kutali. Tsiku lina ndinawapeza atatsegula chitseko mbee, mphepo ikulowa, iwo akunjenjemera pampando. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati amafuna angomvako munthu akukalipira mwana.

Achimwene anabwera kamodzi kudzawalonjera. Macheka anali atawagonthetsa makutu, tsitsi lonse mbuu. Anakhala pampando wa pakhomo, chipewa pabondo, n'kufunsa mokweza za ulendo, za thupi, za mvula ya kuchigwa. Alamu ankayankha, iwo osamva, n'kumangogwedeza mutu. Anamwa tiyi, anatsanzika. Atapita alamu anati munthu uja wakalamba, ndipo sanawatchulenso.

Nyengo yozizira itafika pachimake tinawatengera kuchipatala, chomwe chija cha pachitunda, pa galimoto ya ahedi. Adokotala achikulire aja anapuma kalekale. Tinapeza mnyamata waulemu, amene anawagwira zala chimodzichimodzi, kuwapinda maondo, kuwalembera mankhwala. Pomaliza anafunsa ngati ali ndi abale kumalo kotentha, chifukwa anthu ambiri a matenda amenewa amapezako bwino kumeneko kusiyana ndi kuno.

Alamu anayamba kuseka. Anaseka mpaka mnyamatayo anayang'ana kwa ine kuti mwina walakwitsa mawu. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka china, ndipo misozi imene sindinaione pamaliro a amayi, imene sindinaione pa depoti, inatuluka m'chipinda chimenecho, pamaso pa mwana wa eni. Mwanapiye anawakumbatira, nayenso akulira. Ine ndinangomuuza dokotalayo kuti asadandaule, ndi nkhani yakale.

Madzulo ake mtsikanayo anati apempha kuti amusinthe, atsikire limodzi. Ankanena zoona, ndinamuona m'maso. Koma tonse tinkadziwa mmene ankaukondera moyo wake kuno, ndiponso panali mnyamata wina wophunzitsa masamu amene ankabwerabwera kudzabwereka choko chimene anali nacho kale. Alamu anakana.

"Ndinakutsitsa kuti upume, mwanawe. Sindingakutsitsenso kuti ukabanike. Khala."

Anakambirana masiku angapo, mwana akuumirira, mayi osasunthika. Makina anawasiya patebulo paja, ataphimbidwa ndi nsalu.

Ndinawaperekezanso ine, ngati poyamba paja, koma ulendo uno tinali awiri okha, ndipo pokwera basi anachita kuwanyamula kondakitala. Njira yonse yotsika ankayang'ana mitengo ya paini ikuchepa, mapiri akutsalira m'mbuyo. Titafika pamene msewu umawongoka ndipo mphepo yotentha imayamba kulowa pawindo, ndinaona akutambasula zala pamiyendo, kuzipinda, kuzitambasulanso. Zinkamvera. Anaziyang'ana ngati zawachita chipongwe.

Pabwalo la mango anatiwona tikadali pageti. Eni nyumba aja, okalamba tsopano koma mawu ali omwe aja, anakuwa kuti a Chitseko abwera, kumapiri kwawakana. Ana anathamangira chikwama, wina anabweretsa mpando, wina madzi, mnzawo uja anayamba pomwepo kufotokoza kuti firiji inavuta kawiri ndipo wokonza wake ndi wakuba. Aliyense ankalankhula nthawi imodzi. Alamu anakhala pakhonde pakati pa phokosolo, akuyankha uyu ndi uyu, thukuta likutsika m'khosi.

Ali komweko mpaka lero. Ayezi amagulitsabe, koma woswa zibuma ndi mnzawoyo, iwo amangopatsira anthu. Mwanapiye anakwatiwa ndi wa masamu uja, ali ndi mwana wamwamuna wa chifuwa chabwinobwino. Amatsika naye patchuthi, amakhala masiku ochepa, mwanayo amalira ndi kutentha, ndipo alamu eni ake ndi amene amawauza kuti bwererani, mwana akuvutika. Lamlungu amaimbirana foni. Alamu amafunsa ngati nkhungu yatsika, akauzidwa kuti inde amati chabwino, n'kufunsa zina.

Ulendo wanga womaliza tinakhala pakhonde madzulo, ine ndikudikira nthawi ya basi, ndikudzipepeza ndi chivundikiro cha poto. Anandiyang'ana n'kunena kuti ali ndi pempho, ndisaseke. Anati tsiku lawo likadzafika tisadzawaike kuchigwa kuno. Tidzawakweze kumtunda, kumanda a pafupi ndi mitengo ya paini, poti nthawi imeneyo mafupa sadzamvanso kuzizira.

Ndinachita zimene ndakhala ndikuchita nawo zaka zonsezi. Ndinati akazi anga inu simutha kuvutitsa, mukufuna tidzakwere chitunda chonse chija ndi bokosi, ine ndi msana wangawu? Anaseka pang'ono, nati mwamuna waulesi sasintha. Kenako pageti panalowa mayi wina ndi ndowa, akufunsa ngati ayezi alipo. Alamu anagwira mzati wa khonde, anadzikoka pang'onopang'ono mpaka anaima, n'kumuuza kuti alipo, abwere kuno.